Mwayang'ana Kawiri, Aphunzitsi?

Inali cha m'ma thuu koloko masana, koma kunja kunali kutada ngati dzuwa lalowa kale. Mitambo inali itaunjikana kuseri kwa nyumba zosanja za kutsidya kwa msewu, mvula ikungonunkhira osagwa. Aphunzitsi anayatsa getsi la pathebulo lokonzerapo makina, n'kukokera mpando pafupi ndi kompyuta yakale ya pakona.

Dzina loti Aphunzitsi linawakanirira ngakhale choko anachisiya kalekale. Anaphunzitsa masamu zaka zambiri, ndipo atapuma anabwera kudzathandiza mkazi wawo m'shopu yokonza makompyuta, kachipinda kopapatiza pakati pa telala ndi sitolo ya mafoni, kodzaza zingwe, fumbi ndi malaputopu ong'ambidwa mimba. Mwini luso anali mkaziyo, amene msewu wonse unkamutcha Amisiri. Mayiyo sankakhulupirira zodina tizithunzi ndi mausi. Ankati tizithunzi timabisa zambiri, munthu azilemba yekha lamulo pawindo lakuda, makina amuyankhe. Choncho mwamuna wake anaphunzira ali ndi imvi kale: lamulo loonetsa madisiki onse olumikizidwa, lamulo lotsegula disiki, lamulo loitseka, lamulo lokopera.

Amisiri anamwalira chaka chatha, nyengo ngati yomweyi. Kompyuta ya pakona inatsala, ndipo sinasiye kulankhula.

M'mawa uliwonse Aphunzitsi akaiyatsa, pamwamba pa windo lakuda pankabwera mzere umodzi. "Mwadzuka bwanji, Aphunzitsi? Magalasi ali pamphumi panu." Tsiku lina, "Malaya amenewo ndi adzulo." Tsiku linanso, "Lero musakangane ndi telala." Amisiri anaikonza choncho kuti aziseka mwamuna wake, yemwe ankalawirira kudzatsegula shopu. Aphunzitsi sanali munthu wokhulupirira za mizimu. Ankadziwa bwinobwino kuti penapake m'disikimo muli kafayilo ka mizere, ndi kalamulo kosankha umodzi mwachisawawa. Masamu a mwayi anawaphunzitsa okha kwa ana a eni. Komabe kafayiloko sanakafunefune. Mizere yambiri inkabwerezabwereza, koma nthawi zina, patapita masabata, pankatulukira umene sanauonepo. Mwezi wathawu kunabwera wakuti, "Mwachedwa kumeta, mukuoneka ngati mlonda." Tsiku limenelo anakameta. Akanatsegula kafayiloko n'kuwerenga zonse, mkazi wawo akanamaliza kulankhula tsiku lomwelo.

Tsopano disiki ya kompyutayo inali kufa. Inkagogoda m'kati: ke, ke, ke, kenako phee, kenako ke. Disiki ya kasitomala ikalira choncho, Aphunzitsi ankamuuza mosapita m'mbali kuti akopere zake lero lomwe. Yawoyi anaimvetsera mwezi wathunthu. Lero m'mawa inachedwa kwambiri kudzuka, ndipo moni utabwera unali wakale, wodziwika: "Tsegulani windo, muno mukununkha waya wopsa." Anatsegula windo, n'kupita kukagula disiki yatsopano, ya kampani yomweyo, kukula kwake chimodzimodzi. Anaganiza zokopera disiki yonse monga ilili, kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Potero kafayilo kaja kakanasamuka limodzi ndi zonse, iwo osakaona n'komwe.

"Alamu, mwakhala mumdima ngati kadzidzi. Kasitomala akasuzumira athawa."

Anali mlamu wawo, mng'ono wake wa Amisiri, mwini sitolo ya mafoni ija. Analowa osaodira monga mwa masiku onse, kapu ya tiyi ili m'manja, n'kukhala pa bokosi la pulinta yakufa.

"Kapuyo kutali ndi thebulo, mlamu."

"Ndamva, ahedi. Mundilembe dzina pa ochita phokoso." Anatchera khutu. "Ikugogodabe? Ine imandiopsa. Akulu anga ankagogoda choncho ndi chikhadabo pathebulo, kasitomala akamanama kuti laputopu sanaigwetse."

"Ndi kasingano kowerengera. Kakulephera kupeza njira, ndiye kamabwerera poyambira."

"Inu chilichonse muli nalo yankho lake lozizira. Nanga bwanji mwaisunga mwezi wonse ikulira?"

Aphunzitsi anazimitsa kompyuta, n'kutsegula chivundikiro cha m'mbali. M'katimo munali fumbi lofewa ngati thonje, ndi katepi kachikasu kamene Amisiri anamata pachingwe china. Anaika disiki yatsopano pansi pa yakale. Chingwe chotsala chinali chachifupi, sichinafike. Anayesa kuchikoka, chinakana. Ndiye anangosinthanitsa: chachitali chija chimene chinali pa yakale anachipereka kwa yatsopano, chachifupi n'kuchilumikiza ku yakale. Zonse zinakwana bwino. Kenako anabaya fulashi pambali pa kompyuta.

"Nanga fulashiyo ndi yachiyani?" anafunsa mlamu.

"Disiki siikopedwa bwino makina akuyendera pa iyo yomweyo. Ndiyatsira pa fulashi, yakaleyo igone, ingowerengedwa basi."

"Ngati opaleshoni."

"Pafupifupi."

Windo lakuda la pa fulashi linatseguka lopanda moni. Linali ngati nyumba ya lendi imene sanalowemo munthu: makoma omwewo, koma pakhoma palibe msomali ngakhale umodzi. Kamzere koyera kankangophethira, kudikira.

Lamulo lokopera disiki yonse ndi la zilembo ziwiri zokha, dd, ndipo lilibe chisoni. Umaliuza kumene litenge ndi kumene lithire, basi limayamba, ndipo chilichonse chimene chinali kothiridwako chimakwiririka. Makina amatcha madisiki ndi zilembo: yoyamba sda, yachiwiri sdb, choncho. Zaka zonsezi disiki ya Amisiri inali sda, mwini nyumba, ndipo iliyonse yobwera inali sdb. Zala za Aphunzitsi zinkadziwa zimenezi kuposa mutu wawo.

Zala zomwezo zinali zaliwiro, ndipo Amisiri ankazidziwa. N'chifukwa chake anamangirira funso pa lamulo loopsali. Ukalilemba n'kudina Enter, silinkayamba. Linkaonetsa kaye dzina la disiki yoti ikwiriridwe ndi zimene zilimo, kenako mzere wakuti, "Mwayang'ana kawiri, Aphunzitsi?" Linkadikira mpaka utalemba kuti eya. Mwa njira imeneyi Aphunzitsi anazolowera kudina kaye, kuyang'ana pambuyo. Funso likabwera m'pamene ankatsitsa magalasi n'kuwerenga modekha.

Kunja kunang'anima, bingu linagunda chapatali. Telala anayamba kulowetsa nsalu zake, akutukwana mphepo.

Aphunzitsi analemba kuti litenge pa sda, lithire pa sdb. Anadina Enter, n'kukweza dzanja kuti atsitse magalasi.

Kamzere kaja kanatsikira pansi. Manambala anayamba kuthamanga.

Anadikira. Mwina makina akuchedwa, anaganiza choncho, pa fulashi zinthu zimayenda pang'onopang'ono. M'shopumo munali zii, ndipo sanazindikire msanga chimene chinasowa. Disiki yakale inali itasiya kugogoda.

"Bwanji lero sakukufunsani?" anatero mlamu, akupemerera tiyi.

Apa m'pamene Aphunzitsi anakumbukira. Funso linkakhala m'disiki ya Amisiri, ndipo disikiyo anali ataigoneka okha. Pa fulashi panalibe wowafunsa. Anatsegula windo lina, n'kulemba lsblk, lamulo loonetsa madisiki, limene anayenera kuyamba nalo. Mizere inabwera. Pansi pa sda panalibe kanthu, disiki yosalala, yopanda chipinda. Pansi pa sdb panalendewera zipinda ziwiri.

Chingwe chija. Yatsopano inali italanda malo oyamba, n'kutenga dzina la mwini nyumba.

Anabwerera pawindo loyamba n'kuimitsa lamulo. Manambala anaima. Nthawi yonse imene anakhala akudikira funso, makina ankatenga zopanda kanthu za m'disiki yatsopano n'kumazithira pa disiki ya mkazi wawo, kuyambira kukhomo kulowera m'kati.

"Alamu? Nkhope yanuyo bwanji?"

"Ndalemba chobwerera."

"Ndiye bwezani."

"Sizibwezeka."

Mlamu anaika kapu pansi, pasimenti. Sanaseke. Mvula inayamba, madontho akuluakulu pamalata a khonde, ndipo getsi la pathebulo linaphethira.

"Zimitsani muyatsenso," anatero. "Mafoni amachira choncho."

"Ayi!" Liwu lawo linakwera mpaka iwo eni anadabwa. Analitsitsa. "Pepani. Musakhudze soketi iliyonse. Koyambirira kwa disiki kumakhala mapu osonyeza pamene chipinda chilichonse chayambira. Mapuwo ndawafufuta. Koma makina anawawerenga poyaka, ndiye akuwakumbukirabe. Mukuona? Akuonetsa zipinda ziwiri. Tikazimitsa, aiwala."

"Akukumbukira nyumba yoti yagwa."

"Yagwa kumaso. Kumbuyo mwina kulipo."

Amisiri disiki yake anaigawa pawiri, ndipo ankazitchula zigawozo ngati za nyumba. Chakutsogolo, chaching'ono, chinali pabalaza, pokhala zonse zoyendetsa makina. Chakumbuyo, chachikulu, chinali kuchipinda, kosungira zake: zithunzi, nyimbo, timalamulo timene anadzilembera. Moto unalowera pabalaza. Ngati unafika kuchipinda, Aphunzitsi sakanadziwa mpaka atatsegula.

Anapukuta manja pathalauza. Lamulo lotsegulira disiki ndi mount, ndipo Amisiri anali ndi mwambo wake pa limeneli. M'disiki ya eni ake, ankatero, mumalowa mutapinda manja kumbuyo, kuona kokha, osakhudza. Aphunzitsi anawonjezera tizilembo touza makina kuti awerenge chabe, asalembe kanthu. Anawerenga mzerewo ndi chala, chilembo chimodzichimodzi, ngati mwana wa sitandade wani, kenako anadina.

Ke, inatero disiki. Ke, ke.

"Adzuka," ananong'ona mlamu, kenako anadzigwira pakamwa.

Aphunzitsi analemba lamulo loonetsa za m'kati. Mayina anatsika pasikirini: zithunzi, nyimbo, makasitomala, za_mlamu, zosamaliza. Kuchipinda kunali kosapsa.

"Za mlamu? Zanga? Muli chiyani mmenemo?"

"Mudzaona zikasamuka. Si nthawi yake."

Magetsi anathima. Msewu wonse unati "aaa" monga umachitira, ndipo pansi pa thebulo batire losungira moto linayamba kulira, pii, pii. Linali lokalamba ngati kompyutayo, silinkapirira nthawi yaitali. M'shopu munatsala kuwala kwa sikirini kokha, kukuwalitsa magalasi a Aphunzitsi ndi theka la nkhope ya mlamu.

Kuti akopere za kuchipinda, anayenera kukonza kaye disiki yatsopano, kuidula chipinda n'kuchisalaza. Limenelonso ndi lamulo lofufuta. Likalunjika pa chilembo cholakwika, ndiye kuti ndi kuchipinda komwe kwapita. Analilemba. Chala chinafika pa Enter n'kuima m'malere. Sanachikhulupirirenso.

"Mlamu."

"Ee?"

"Ndifunseni."

"Ndikufunseni chiyani?"

"Funso lija."

Mlamu ndi Amisiri, ana a mimba imodzi, sankafanana nkhope, wamkulu anali wamfupi ndi wodekha, wamng'onoyu wamtali ndi wapakamwa. Koma pafoni anthu ankawasokoneza. Mlamu atalankhula mumdimamo, nthabwala zonse atazisiya, mawu anatuluka otsika, okoka pang'ono kumapeto.

"Mwayang'ana kawiri, Aphunzitsi?"

Funsoli anali ataliwerenga kosawerengeka chaka chonsechi, koma khutu lawo linali lisanalimve chimwalirire mwini wake. Sanacheuke. Anavula magalasi, anawapukuta ndi m'munsi mwa malaya nthawi yaitali kuposa mmene anafunikira, n'kuwavalanso. Kenako anayang'ana mndandanda wa madisiki: sda, yosalala, yatsopano. Anayang'ana lamulo: sda. Anayang'ananso mndandanda.

"Eya," anatero, ndipo anadina.

Kukopera kunayenda motsimphina. Mayina a mafayilo ankathamanga, kenako n'kuima, disiki n'kugogoda, ke, ke, ngati munthu wofuna kuti amutsegulire, kenako n'kupitiriza. Batire linayamba kulira mofulumira. Aphunzitsi anazula pulinta ndi chochajira mafoni pa batirelo kuti moto wonse upite kumakina. Mlamu anayatsa tochi ya foni n'kumaunikira pansi, pamene panalibe chofuna kuunikira.

"Ikathima pakati?" anafunsa.

"Zimene zawoloka zawoloka."

"Inu mtima wanu ndi wa simenti."

"Unikani uko, mukundithobwa m'maso."

Mafayilo angapo anakana kuwerengeka, nyimbo ziwiri ndi chithunzi chimodzi. Ena onse anawoloka. Kamzere koyera katabwerera pamalo pake, Aphunzitsi anatseka zipinda zonse bwinobwino ndi lamulo lake. Posakhalitsa getsi la pathebulo linayaka, firiji ya m'sitolo yoyandikana inayamba kung'ung'udza, ndipo telala anafuula kuti magetsi abwera.

"Ndiye zonse zilipo?" anatero mlamu. "Mwandiopseza chabe?"

"Za kuchipinda zilipo."

"Moni uja?"

Aphunzitsi anafufuza m'zimene anakopera. Analemba lamulo losaka mawu, n'kulipatsa liwu loti magalasi. Panalibe. Analipatsa loti telala. Linapeza fayilo ya kasitomala yokha, ya makina osokera. Moni unkabwera makina akangoyaka, munthu asanalowe n'komwe kuchipinda. Malo ake anali pabalaza.

Anayesa kutsegula pabalaza, makina anati sakuzindikira chimene chili pamenepo. Ndiye anayang'ana disikiyo yaiwisi, manambala ake enieni. Panabwera mzere umodzi wa maziro, pansi pake kanyenyezi.

"Kanyenyeziko n'chiyani?"

"Kakutanthauza kuti mizere yotsatira ndi chimodzimodzi. Makina safuna kubwereza."

Anasiya lamulo losaka lija likuyenda pabalaza ponse, mpaka kumene moto sunafike, mwina kafayiloko kanagwera patali. Linayenda mpaka mvula inakata, disiki ikugogoda mofooka. Linabwerera chimanjamanja.

Mlamu anatola kapu yake, tiyi atazizira. Anaima pakhomo, n'kubwereranso.

"Alamu, tilembenso. Ine ndikukumbukira ingapo. Wa magalasi, wa malaya adzulo, uja wakuti mimba yanu yayamba kufika pakiyibodi musanafike inu. Tikakhala pansi awiri tiikumbukira yonse. Ndiwonjezeranso yanga, simudzasiyanitsa."

"Imene ndikuidziwa ndili nayo kale," anatero Aphunzitsi. "Ndinkadikira inayo."

"Inalipo yambiri?"

"Sindikudziwa. Mwina unatsala umodzi. Mwina wa kumeta uja unali womaliza."

Mlamu anawagwira paphewa mwachidule, monga ogulitsa amagwirira katundu poona ngati wauma, n'kupita kukatseka sitolo yake. Aphunzitsi anazimitsa kompyuta. Anamasula disiki yakale, ikadali yofunda, n'kuiika m'dirowa momwe munali sikuludiraiva ya Amisiri ya chigwiriro chofiira.

M'mawa mwake kunacha koyera, m'misewu muli matope ndi timapepala tonyowa. Aphunzitsi anamanga pabalaza patsopano, n'kulumikiza kuchipinda kuja pamalo pake, dzina lolowera n'kulisiya lomwe lija. Atayatsa, makina anadzuka msanga, mwakachetechete. Pamwamba pa windo lakuda panalibe mzere. Panali dzina lokha, amisiri, ndi kamzere kophethira pambali pake. Anakhala akuyang'ana pamalo opanda kanthupo kufikira wina anagogoda pachitseko.

Anali mayi wa ku famase ya kumtunda kwa msewu, atanyamula kompyuta ya pakauntala yake ngati mwana wodwala.

"Aphunzitsi, yayamba ulesi. Kasitomala amachira ndisanamupezere mtengo wa mankhwala. Mwana wanga wagula disiki iyi, akuti ndi yothamanga. Musamutsire zonse, koma chonde pasasowe kanthu."

"Ikani apa. Mubwere masana."

"Mwatupa maso. Simunagone?"

"Ndi fumbi la muno."

Mayiyo atapita, analumikiza madisiki awiriwo pakompyuta ya pakona. Analemba lsblk. Anawerenga mayina, kukula kwake, ndi zipinda zolendewera pansi pa iliyonse. Anatenga katepi kachikasu, n'kumata pa disiki ya mayiyo, n'kulembapo chilembo chake. Analemba dd, kotenga ndi kothira. Anayang'ana mndandanda, anayang'ana lamulo, anayang'ananso mndandanda. Panalibe wowafunsa tsopano, anadziuza choncho. Anadina Enter.

Manambala sanathamange. Panabwera dzina la disiki yatsopano ya mayi wa ku famase, ndi mawu oti ilibe kanthu. Pansi pake panali mzere.

"Mwayang'ana kawiri, Aphunzitsi?"

Funsolo Amisiri analisunga kuchipinda, pamodzi ndi timalamulo take, ndipo linawoloka ndi zina zonse dzulo mumdima uja. Aphunzitsi anakhala manja ali pamaondo. Kuseri kwa khoma makina a telala anali atayamba kale kulira, ndipo mbali inayi mlamu ankakangana ndi munthu wina za chochajira chimene ankati sichinagulidwe kwa iye.

Anatsitsa magalasi kuchoka pamphumi. Anawerenga dzina la disiki kachitatu, n'kulemba kuti eya.

Manambala anayamba kuyenda, ndipo ntchitoyo inali yotenga nthawi. Muno munkanunkha waya wopsa. Anadzuka n'kutsegula windo, kenako anakokera pafupi laputopu ya dalaivala wina imene inkadikira kiyibodi kuyambira sabata yatha, anaitembenuza chafufumimba, n'kuyamba kumasula tizisikuluu, akutiika m'chivindikiro cha botolo kuti tisasowe.